Batire Limene Dickson Anati Abweretsa

Pa Masambanjati mukafunsa za Esnat Nampinga, ambiri angokuyang'anani. Koma mukangoti mukufuna mayi wa pa laputopu, ngakhale wakabaza wobwera dzulo akulozerani khonde la telala Caleb, moyang'anizana ndi pamene amayi amayala mapeyala ndi chinangwa. Pakhondepo pamakhala katebulo koyalidwa chitenje, kapulinta kakuda, ndi mayi wamfupi wosakonda kukweza mawu. Amalemba mapulogalamu a maliro ndi a maukwati, mayeso a masukulu a m'deralo ndi zilengezo za kumpingo, komanso amaikira anthu nyimbo m'mamemore a mafoni awo. Chifukwa cha ntchito yakeyi, amadziwa amene akukwatira ndi amene wamwalira anthu ena asanamve, koma simungamve nkhani ya munthu ikuchokera pakamwa pake.

Esnat anabadwira pa esiteti ya tiyi, m'nyumba zondondozana za antchito, zija munthu akatsokomola khomo lino, a khomo linalo amati pepani. Agogo ake anachita kuoloka Ruo kuchokera ku Mozambique kudzafuna ntchito, ndipo pakhomo pawo Chilomwe chinkatuluka makamaka akuluakulu akakwiya kapena akafuna kuti ana asamve. Bambo ake ankayendetsa thirakitala yotuta masamba, ndipo anamwalira iye ali ku sekondale. Mayi ake, a Salome, anathyola tiyi mpaka msana unakana.

Sukulu anafika nayo Folomu 4. Kenako anakhala miyezi ingapo ku boma, pa kasukulu ka mpingo, kuphunzira kutayipa ndi kugwiritsa ntchito kompyuta. Zala zake zinali zopepuka, moti mphunzitsi ankaitana anzake kuti adzaone. Koma ntchito ya mu ofesi sinapezeke. Mvula yoyamba itagwa, tiyi ataphukira, Esnat anabereka dengu ngati mayi ake n'kulowa m'mizere, mame akumufika m'chiuno.

Dickson Muhiwa anakumana naye pashedi poyezera masamba, tsiku limene chiperoni chinatsika m'phiri mwadzidzidzi n'kuphimba munda wonse ndi nkhungu yozizira. Esnat ankanjenjemera pamzere. Mnyamata wina wamtali wogwira m'fakitale, wokhala ndi kampata kumano, anavula jekete yake n'kumuponyera paphewa osafunsa n'komwe. Mawa lake Esnat atapita kukabweza, mnyamatayo anabisa manja kumbuyo.

"Sindilandira katundu kwa munthu wosamudziwa dzina," anatero.

Anali wotero Dickson, wanthabwala, wosatha kudutsa pagulu la anthu osawasiya akuseka. Ankagwira pagolo m'timu ya mpira ya pa esiteti, ndipo akaugwira mpirawo ankayamba wauvinira kaye asanaumenye. A Salome anawagonjetsa tsiku loyamba lomwe, powalonjera m'Chilomwe chenicheni cha kumudzi, chimene iwo anali asanachimvenso chimwalirireni mayi awo. Ukwati unadalitsidwa kutchalitchi, anapatsidwa nyumba yawo pamzere womwewo, ndipo chaka chotsatira kunabadwa mwana wamkazi, Mwai. Dickson akaweruka ankamunyamula mwanayo paphewa n'kuzungulira naye mzere wonse, kumudziwitsa kwa anthu khomo ndi khomo ngati kuti dzulo sanamuone.

Tiyi amadyetsa munthu nthawi ya mvula. Chilimwe chikafika masamba amachepa, fakitale imachepetsa anthu, ndipo ambiri amauzidwa kuti akadikire kunyumba. Dickson anadikira zilimwe zingapo. Nthochi, zimene kale zinkagwira anthu a ku Thyolo pamkono nthawi ngati imeneyi, zinali zitatha ndi matenda a chisaka. Anzake amene ankasewera nawo mpira ankabwera kuchokera ku Joni pa Khrisimasi atavala nsapato zoyera, n'kuyamba kuumba njerwa ndi kugula malata. Iye nthabwala zinayamba kuchepa. Tsiku lina ali pa chakudya anangoti, "Mayi a Mwai, ndipite ndikayese. Zaka ziwiri basi. Mwanayu asanayambe sukulu ndikhala nditabwera, ndipo tidzamanga yathu ya malata."

Esnat sanakane. Anamuperekeza mpaka ku Blantyre, Mwai ali kumsana, ndipo basi itanyamuka Dickson anatulutsa mutu pazenera n'kumayerekeza kulira mokuwa ngati mwana, anthu onse pa depoti n'kumaseka. Nayenso Esnat anaseka. Anadzalira ali m'minibasi, atadutsa kale pa Bvumbwe.

Nyumba ya esiteti ndi ya wogwira ntchito, choncho anatulukamo n'kukakhala ndi mayi ake pakamunda kawo kufupi ndi Masambanjati. Dickson anapeza ntchito yosamala maluwa ndi kapinga panyumba ya munthu wina ku Cape Town. Ankaimba foni Lamlungu lililonse masana. Ankasimba za nyanja yozizira imene anaiponda kamodzi n'kuthawa, za galu wa abwana amene anali ndi dokotala wakewake, ndipo Esnat ankaseka mpaka a Salome kufunsa kuti kwagwanji. Chaka chisanathe, munthu wina wa aja amatuta katundu wa anzawo kuchokera ku Joni anamuimbira kuti akalandire phukusi ku boma. Munali bulangete, tinsapato ta Mwai, ndipo pakati pa bulangetelo panali laputopu. Abwana ake a Dickson anali atagula ina, ndiye iyi anamugulitsa motchipa.

"Zala zanu zija si za tiyi ayi," anatero Dickson pafoni. "Kazigwiritseni ntchito yake."

Umu ndi mmene khonde la a Caleb linapezera mlendo. Masiku amenewo batire la laputopuyo linali lamphamvu. Akaitchaja m'mawa, inkagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Magetsi akazima, ometa tsitsi ankatuluka kukakhala pabenchi, chigayo chinkangoti zii, koma Esnat ankapitiriza kutayipa, n'kudzasindikiza magetsi akabwera. Anthu anazolowera kuti kwa mayi wa pa laputopu sikutsekedwa. Dengu la tiyi analisiya, mayi ake n'kuyamba kusungiramo nandolo.

M'laputopumo Dickson anasiyamo zithunzi zake zingapo. Pachina anaima pafupi ndi maluwa ofiira atagwira chomwetera kapinga ngati mfuti, pachina anali m'mbali mwa nyanja atapinda buluku, nkhope ataikwinya dala. Makasitomala akachepa, Esnat ankatsegula zithunzizo, ndipo akamva mapazi pakhonde ankatseka msanga ngati wagwidwa akuba.

Zaka ziwiri zija zinakwana. Mwai anayamba sukulu atavala yunifolomu yosoka a Caleb, ndipo bambo ake anaiona pachithunzi. Chakumapeto kwa chaka chachitatu, Esnat anaona kuti batire silikufikanso masana. Anamuuza Dickson.

"Ndamva kuti ku Limbe amagulitsa," anatero.

"Ayi, musagule kumeneko, angakupatseni lachinyengo. Kuno kuli lenileni. Ndigula, ndibweretsa ndekha pa Khrisimasi. Ndidzaliika ndi manja angawa."

Esnat anazira nyumba, anagula nsalu yatsopano ya pazenera, a Salome anasunga tambala. Sabata ya Khrisimasi, Dickson anaimba kuti abwana apita kutchuthi ndipo amusiyira nyumba ndi galu, ndiye abwera pa Pasaka. Pasaka isanafike kunagwa mliri wa kolona, malire n'kutsekedwa. Patapita miyezi, mabasi anayamba kubweretsa anthu amene ntchito zinawathera kumeneko. Esnat ankatchera khutu kwa aliyense wotsika minibasi. Tsiku lina anatsika Goodson, mnzake wa Dickson amene ananyamukira limodzi, ataonda, ali ndi kachikwama kamodzi.

"Alamu, anzanu mwawasiya kuti?" anafunsa Esnat.

"Ali bwino, alamu. Anati abwera zinthu zikakhazikika."

Goodson ankayankha akuyang'ana mawilo a njinga imene inaima pafupi, ndipo kuyambira tsiku limenelo akafuna kupita kumsika ankadzera kuseri kwa masitolo.

Mafoni a Lamlungu aja anasanduka a kamodzi pamwezi, kenako a mwa apo ndi apo. Nthabwala zinatheratu. Dickson ankafunsa za sukulu ya Mwai, za msana wa apongozi, kenako ankati mayunitsi atha. Nthawi zina thandizo linkabwera, nthawi zina ayi. Za batire Esnat anafunsanso kangapo, ndipo yankho linali lomwelo, lakuti anagula kale, abweretsa. Atatero analeka kufunsa, komanso sanagule lina. A Caleb ankadabwa.

"Mayi a Mwai, ntchito ikukudutsani pakhomo chifukwa cha kanthu kogula. Anthu ayamba kupita ku boma."

"Bambo a Mwai anati abweretsa," ankayankha choncho, maso ali pa ntchito.

Iye mwini ankadziwa kuti sikunali kulephera kugula. Ankaona ngati tsiku limene adzakwere minibasi kukafuna batirelo yekha, adzakhala atavomera pamaso pa anthu onse zimene amayi a pamsika ankanong'onezana iye akamadutsa, zoti mwamuna wake anatchona. Malinga ngati batire lakale linali m'malo mwake, panali ntchito imodzi imene inkadikira manja a Dickson.

Batirelo linkafookerafookera. Linafika pomatha madzi a tiyi asanawire. Kenako linayamba bodza. Pakona pa sikirini linkaonetsa kuti lili pa theka, koma kungozula chingwe, laputopu inkathima ngati kandulo. Kunsi kwake kunkatentha moti chitenje cha patebulo chinkafunda.

Tsiku lina m'mawa kunabwera abale atatu ochokera kwa Mphuka. Bambo wawo anali atamwalira, maliro anali oika masana omwewo, ndipo ankafuna pulogalamu yokhala ndi mbiri ya malemu. Wamkulu wa iwo anakhala pabenchi n'kumafotokoza pang'onopang'ono. Ananena kumene bambo ake anabadwira, zaka zimene anakhala kapitawo pa esiteti, ndi mmene anatutira pamutu miyala ya maziko a tchalitchi cha kwawo. Esnat ankatayipa osayang'ana zala. Atatsala pang'ono kumaliza, wailesi ya a Caleb inaduka pakati pa nyimbo, ndipo nthawi yomweyo sikirini inada. Anali asanasunge chilichonse.

Munthu uja sanakalipe. Anayang'ana sikirini yakudayo kwa kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti zonse zija zapita?"

Esnat anatenga cholembera ndi pepala n'kumupempha kuti ayambirenso. Anayesa, koma mawu sanabwerenso ngati poyamba. Anangotchula zaka ndi mayina a ana. Galimoto yonyamula bokosi inali ikuliza hutala pamsewu, ndipo abale aja anapita ndi pepala lolemba pamanja.

Madzulo ake potseka laputopu, Esnat anaona kuti chivindikiro sichikukhala bwino. Pamalo poyendetsa chala paja panali patatukuka ngati kunsi kwake kuli mwala. Anaitana a Caleb. Iwo anapapasa, n'kupukusa mutu.

"Izi si zodikiranso munthu wa ku Joni. Mawa mupite ku boma kwa Madalo."

Madalo anali mtsikana wa magalasi amene ankakonza mafoni ndi makompyuta m'kachipinda kopanikizika kuseri kwa msika. Anamvetsera zonse osadula mawu. Kenako analumikiza chingwe, anayatsa laputopu, n'kulemba mawu angapo. Panatuluka tsamba lodzaza manambala, ndipo anaitembenuza kuti Esnat aone.

"Mayi, kompyuta imadziwa yokha mmene batire lake lilili, kungoti anthu saifunsa. Onani mizere iwiri iyi. Wapamwambawu ukunena mphamvu imene batire linkasunga lili latsopano. Wapansiwu ndi imene likusunga lero mukalitchaja mpaka kudzaza."

Esnat anasuzumira. Nambala yapansi inali kutalitali ndi inzake, yosafika ngakhale pa theka la theka.

"Nanga ija imandiuza kuti batire lili pa theka?"

"Imakhala ikunena theka la kochepa katsalaka, ndipo nthawi zina imangolota." Madalo anazimitsa laputopu, anazula chingwe, n'kutenga sikuludalaiva. "Batire lililonse limatha, ngakhale mutalisamala bwanji. Mukaona kuti nambala yapansi yayandikira theka la yapamwamba, muziyamba kuganiza za lina. Likayamba kuzima mwadzidzidzi kapena kutentha, ndiye kuti nthawi yakwana. Koma likatupa, palibenso zokambirana."

Anatsegula kunsi. Batire linali litafufuma ngati paketi ya mowa wamasese yokhalitsa padzuwa. Madalo analichotsa mosamala kwambiri, osalipinda, n'kuliika m'chitini cha mchenga chimene chinali pakona.

"Limeneli likanatha kuyaka moto. Kunyumba mumaisunga pati laputopuyi?"

"Kumutu kwa bedi. Mwana wanga amagona pomwepo."

Madalo anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. "Mwakhala mukudikira chiyani, mayi? Ndili ndi munthu wodalirika ku Limbe. Ndikaitanitsa lero, sabata ino isanathe lafika, ndipo tidzaliyeza inu mukuona ngati mmene tachitiramu."

"Bambo a kunyumba ali ku Joni. Anati anagula kale, abweretsa."

"Anagula liti?"

Esnat anachita manyazi kutchula. "Kolona asanabwere."

Madalo anavalanso magalasi n'kuyamba kutseka kunsi kuja. Anayankhula motsitsa mawu, osamuyang'ana. "Muwauze asavutike kulinyamula. Batire limakalamba ngakhale lili m'katoni kake. Likakhala zaka chonchi osatchajidwa, limafa lokha."

Esnat sanaitanitse. Anathokoza, analipira ya ntchito, n'kukwera minibasi laputopu ili pamiyendo, itapepuka modabwitsa. Msewu umadutsa m'minda ya tiyi, ndipo chapatali ankaona madengu akuyenda pang'onopang'ono m'mizere yobiriwira, ndi denga la fakitale kuseri kwa mabulugama. Anayang'ana mpaka khosi linawawa.

Kwa miyezi ingapo anagwira ntchito ndi chingwe chokha. Magetsi akangophethira zonse zinkazima, moti anazolowera kusunga mzere uliwonse akangoumaliza. Akazimiratu, ankakhala pansi kuthandiza a Caleb kusokerera mabatani. Mwai, amene tsopano anali mtsikana wa Sitandade 7, anali ataleka kufunsa za bambo ake. Akamva foni ikulira Lamlungu, ankanyamula ndowa kupita kumjigo ngakhale madzi ali odzaza m'nyumba.

Amalume ake a Esnat, a Yesaya, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo, anabwera tsiku lina atavala jekete ya kutchalitchi. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, anamwa madzi, anafunsa za chimanga ndi za msana wa mlongo wawo. Kenako anatembenukira kwa Esnat.

"Mphwanga, ine ndinaimira ukwati wa anthu awiri, koma pano ndikuona munthu mmodzi. Akuchimuna ndawapeza, nawonso akuti sakudziwa kanthu. Ukandilola, ndikhoza kukakhala nawo pansi kuti umasuke. Udakali mwana iwe."

"Ndamva, amalume. Ndiyambe ndalankhula nawo eni ake."

Esnat anatumizira Dickson uthenga wa mawu, waufupi, wopanda moni wambiri, wakuti amalume anabwera ndipo akufuna yankho. Dickson anaimba Lamlungu lotsatira, anthu atangoweruka kutchalitchi. Esnat anakalandirira kuseri kwa nyumba, pakati pa nandolo. Dickson anayamba kuzungulira ngati mwa masiku onse, kufunsa za sukulu ndi za mvula, koma Esnat anamudula.

"Bambo a Mwai, mundiuze zoona. Mukukhala bwanji kumeneko?"

Pafoni pankamveka mphepo ndi ana akusewera chapatali. Kenako Dickson anayamba kufotokoza, mawu ake ali a munthu wachikulire amene Esnat sankamudziwa. Ntchito ya maluwa ija inatha nthawi ya kolona, abwana atagulitsa nyumba n'kusamuka. Kuyambira pamenepo ankaima pamphambano m'mawa uliwonse pamodzi ndi anthu ena, kudikira galimoto zofuna aganyu. Ankagona m'kachisakasa ka malata ndi anzake ena. Mapepala ake anatha kalekale, moti akaona apolisi ankalowa m'sitolo.

"Nanga osabwera bwanji? A Goodson anabwera."

"Goodson sanalonjeze munthu nyumba ya malata. Ine nditsike pa Masambanjati ndi chiyani? Anthu adzati uyu ndi uja anapita kalekale, wabwera ndi ndevu zokha."

"Kuli mkazi?"

Mphepo inaombanso pafoni. "Analipo. Tinasiyana chaka chatha."

Esnat anathyola tsamba la nandolo n'kulifinya m'manja. Ankaganiza kuti tsiku limene adzamve zimenezi adzakuwa mpaka mudzi wonse kutuluka. Koma chimene chinamugwira chinali kutopa kosakanikirana ndi chifundo, ndi kufunitsitsa kuona nkhope imene inkatulutsa mawu okalambawo, kuti adziwe ngati akanaizindikira atakumana nayo pamsika.

"Batire lija ndinaguladi," anatero Dickson. "Lili pansi pa chikwama, m'katoni kake. Ndasamuka nalo malo onse. Ndinagulitsa foni yabwino ija, ndinagulitsa nsapato, koma ilo ayi."

Esnat anatsegula pakamwa kuti anene zimene anamuuza Madalo, koma anazimeza.

"Lisungeni," anatero. "Koma mumve. Ine sindinakwatiwe ndi malata. Mwana wanu akundifika m'khutu tsopano, ndipo mawu anu akuwathawa. Bwerani ndi ndevu zanuzo. Zinazo tidzakamba muli pano, amalume ali pomwepo."

"Ndiyesetsa, mayi a Mwai. Mwina mwezi wa..."

"Musandiuze mwezi. Tsiku limene mudzakwere basi, mudzandiimbire muli m'katimo."

Pomaliza Dickson anapempha kuti alankhule ndi mwana. Mwai anabwera monyinyirika, analandira foni ndi manja awiri, n'kumangoyankha kuti eya, ayi, eya. Koma sanaidule, ndipo patapita nthawi Esnat ali kukhitchini anamumva akuseka kamodzi, mofulumira, ngati kuti kwamupulumuka.

Lolemba m'mawa Esnat anaimbira Madalo. Batire latsopano litafika, Madalo analiyeza Esnat akuona, ndipo manambala awiri aja anali pafupifupi ofanana. Madalo anamuphunzitsa kutsegula yekha tsamba lija, n'kumulangiza kuti aziliona pakapita miyezi ingapo, asamasiye laputopu padzuwa kapena kuigwiritsa ntchito ili pabulangete, ndiponso asamadikire kuti batire litheretu asanatchaje. Kwa a Yesaya, Esnat anatumiza mawu akuti ayambe adikira. Iwo anangoti, "Ukwati ndi wako, mphwanga," osaonjezerapo.

Makasitomala amene ankapita ku boma anabwerera. Amayi a pamsika ankanong'onezanabe. Mpaka lero Dickson sanaimbe ali m'basi. Amaimba Lamlungu, ngakhale si lililonse, ndipo nthawi yambiri amacheza ndi Mwai, amene wayamba kumusimbira za mpira wa manja wa kusukulu kwawo. Esnat amamvetsera ali patali pang'ono, akusenda chinangwa kapena kupeta nandolo, ndipo foni ikafika kwa iye amakamba za mvula ndi za mbewu.

Mwezi wathawu pakhonde paja panabwera mtsikana wina woyembekezera, dzina lake Lizzie, atagwira memore m'kapepala. Mwamuna wake ankanyamuka mawa lake kupita ku Joni, ndipo ankafuna kumuikira nyimbo zoti azikamvera. Anatchula za kwaya ya kutchalitchi kwawo ndi zina zimene anavina pa ukwati wawo. Esnat anayamba kuziika imodziimodzi.

"Muikemonso za gule wa tchopa," anatero Lizzie. "Amati ndi za akuluakulu, koma ndikudziwa kuti akakafika azikazifuna."

Esnat anaziika. Mtsikanayo anasisita mimba, kenako anafunsa osadzutsa mutu.

"Ndinamva kuti anunso ali komweko, amayi. Amachedwa kubwera?"

Esnat anazula memore ija, anaikulunga bwinobwino m'kapepala kake, n'kuiika m'dzanja la Lizzie.

"Ena amabwera msanga," anatero. "Inu muwauze lero lomwe, asananyamuke, kuti zikakavuta adzabwere choncho. Muwauze kuti pakhomo palibe amene adzawaseke."

Lizzie anavomera ndi mutu, n'kutsika pakhonde kulowera kumsika. Esnat anaitana wotsatira, mphunzitsi amene anali ndi mayeso a Chingerezi olemba pamanja.